Mphepo yachokera kuti lero? Tiyeni tipange kalozera wa mphepo ndi ana athu

Awa ndi mawu amene mlangizi wa kalabu yathu anayankhula pa msonkhano wa Loweruka lapitali kuno kumunsi kwa phiri la Michesi. Tawalemba monga momwe anayankhulira kuti amene simunabwere muwerenge. Mukatha, tumizirankoni anzanu pa WhatsApp.

Zikomo a wapampando pondipatsa mpata. Agogo athu a mfumu, makolo amene mwatiperekeza, ndi inu achinyamata anzanga, moni nonse. Ndapemphedwa kuti ndifotokoze ntchito imene komiti yagwirizana kuti tiyambe ndi ana a m'midzi yathu ino, yomwe ndi kupanga kachida kosonyeza kumene mphepo ikuchokera. Kusukulu munakaphunzira ndi dzina loti wind vane. Ife pano tizingoti kalozera wa mphepo.

Ndikuona ena kumbuyoko mwayamba kale kumwetulira. Mukuti, kalabu yonseyi, anthu ena ndevu zili pepeya, tikakhale pansi n'kumasema timivi ta nsungwi? Tandipirirani pang'ono, ndiyambe ndanena chifukwa chake.

Chifukwa chiyani mphepo?

Tikukhala pansi pa phiri limene latigwerapo kawiri anthu omwewa akuona. Makolo athu ali panowa akukumbukira pa 10 Malichi 1991, pamene Napolo anatsika m'phiri la Michesi ndi madzi, matope ndi miyala ikuluikulu, n'kupha anthu mazanamazana kuno ku Phalombe. Ifenso tinaona ndi maso athu mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anafika. Namondwe ameneyu anayambira kutali kufupi ndi Australia kumayambiriro kwa Febuluwale, anadutsa nyanja yonse ya Indian, ndipo anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene akatswiri analembapo. Anagunda Mozambique kachiwiri kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi, kenako mvula yake inatipeza. Ku Nkhulambe kunagwa mvula yopitirira mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha. Zomwe zinatsatira sindikufuna kuzibwereza, chifukwa ena mwa ife tinaika abale athu, ndipo ena sitinawapeze n'komwe.

Kusanagwe zonsezi, a Nthambi yoona za nyengo ku Blantyre ankalengeza pa wailesi. Mpaka lero amalengeza tsiku ndi tsiku. Mumawamva akuti, kuwomba mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, kapena kuti mphepo yachinyezi yochokera ku Congo yalowa m'dziko muno. Ndiye ndifunse, ndi angati pano amene angaimirire pompano n'kuloza ndi chala kuti kumwera chakum'mawa ndi uku? Mwaonatu, manja ndi ochepa. Uthenga umene munthu sangathe kuuloza ndi chala umangodutsa m'khutu ngati nyimbo ya pa wailesi. Mwana amene wazolowera kuyang'ana mphepo m'mawa uliwonse, akamva ulosi wa zanyengo amadziwa kuti akunena za mphepo yomweyi imene yamuwomba pa tsaya. Mwana wotere amatchera khutu, ndipo amakauzako amayi ake. Cholinga chathu n'chimenecho basi.

Komanso mphepo timagwira nayo ntchito tsiku lililonse, ngakhale sitiitchula. Amayi akamapeta nandolo kapena mpunga amaima moti mankhusu asawabwerere kumaso. Wopopera mankhwala a ntchemberezandonda m'chimanga akapanda kulabadira mphepo, mankhwala amathera m'mphuno mwake ndi m'munda wa mnzake. Wotentha zinyalala mu Okutobala akalakwitsa mbali, moto umakalowa m'nkhokwe kapena kukwera phiri. Pomanga chimbudzi, khitchini kapena khola, komanso pobzala mitengo yotchinga kuti malata a sukulu asasasuke, muyenera kudziwa kumene mphepo yamphamvu imakonda kuchokera. Asodzi a ku nyanja ya Chilwa, kumpoto kwathuku, iwo ndiye moyo wawo uli pomwepo.

Mayina tili nawo kale

Chinthu chimodzi chosangalatsa n'chakuti m'Chichewa mayina a mbali za dziko ndi mayina a mphepo ndi amodzi. Timati kumpoto, ndipo pali mphepo ya mpoto. Timati kumwera, ndipo pali mwera, uja amavutitsa asodzi ndi sitima pa nyanja ya Malawi nthawi yozizira. Kum'mawa timatinso kuvuma, kumadzulo timati kuzambwe, ndipo vuma ndi zambwe ndi mphepo zimene asodzi amazidziwa bwino. Apa pali lamulo loyamba limene ana ayenera kuligwira: mphepo imatchedwa ndi dzina la kumene ikuchokera, osati kumene ikupita. Mwera amachokera kumwera n'kumapita kumpoto. Ana ambiri amasokoneza pamenepa, ngakhale pa mayeso. Muziwauza kuti mphepo ili ngati mlendo. Mlendo timamufunsa kuti mwachokera kuti, ndipo timamutcha wa ku Zomba kapena wa ku Milange malinga ndi kwawo.

Zofunika kusonkhanitsa

Palibe chopita nacho ku golosale. Gulu lililonse lipeze nsungwi yowongoka yotalika mamita awiri ndi theka kapena atatu, kansungwi kowonda kapena bango louma la masentimita 50, chigubu chakale cha mafuta ophikira chimene chinabooka, sipoko imodzi ya njinga, bolopeni yotha inki imene kachitsekerero kake kakumbuyo kakadalipo, mphira wodula ku chubu chakale cha njinga, kawaya pang'ono, nati imodzi kapena awiri, ndi kachidutswa ka mtengo kotsekera pakamwa pa nsungwi. Sipoko, nati ndi chubu kapempheni mwaulemu kwa okonza njinga pa msika, amakhala nazo zotayidwa. Katoni ndi yosavuta kudula, koma mvula ikangoigwera kamodzi yatha ntchito. N'chifukwa chake tikuti chigubu.

Za mpeni ndi moto ndinene poyambirira. Zimenezi agwire ndinu akuluakulu. Ana ayeze, ajambule, amange mphira, ayese ngati muvi ukuzungulira. Tisakamve kuti mwana wadzicheka chala pa ntchito ya kalabu.

Kapangidwe kake

Yambani ndi muvi. Pa chigubu paja dulani zidutswa ziwiri. Chimodzi chikhale chachikulu, ngati masentimita 20 m'litali ndi 15 m'lifupi, umenewo ndiye mchira. China chikhale chaching'ono cha nsonga zitatu, ngati masentimita 7, umenewo ndiye mutu. Ng'ambani pang'ono kansungwi kaja mbali zonse ziwiri, mulowetse mchira uku, mutu uko, zonse ziimirire chilili ngati chipsepse cha nsomba, osati chogona. Kenako mangani ndi mphira kuti zisapulumuke.

Ana adzakufunsani kuti bwanji mchira ukule chonchi pamene mutu ndi kakang'ono. Musawayankhe msanga, asiyeni aganize. Yankho lake ndi lakuti mphepo imakankha kwambiri chinthu chotambalala. Mchira umakankhidwa mpaka utathawira kumbuyo, ndiye mutu umatsala ukuyang'anizana ndi mphepo. Choncho nsonga ya muvi imaloza kumene mphepo ikuchokera. Mukapanga mutu ndi mchira zofanana, muvi umangozungulira ngati nkhuku yodwala chitopa, osaloza kulikonse. Ndi bwino gulu limodzi lipange dala wolakwika chonchi kuti ana aone okha kusiyana kwake.

Tsopano pali chinsinsi chachiwiri. Mchira ukule, koma usalemere kuposa mutu. Ikani muvi pa chala mupeze pamene ukukhazikika osapendekeka. Poyamba mudzaona kuti malowo ali kufupi ndi mchira. Mangirirani nati kapena kulungani waya kumutu mpaka malo okhazikikawo afike pakati, kapena apitirire pang'ono chakumutu. Lembani chizindikiro pamenepo. Muvi wopendekeka umakhula mbali imodzi, ndipo kamphepo kayaziyazi sikangausunthe.

Pa chizindikiro paja ndi pamene pakhale bolopeni. Chotsani kachubu ka inki ndi kansonga kake, mutsale ndi chikhungwa chokha chotsekeka kumbuyo. Wamkulu atenthe msomali aboole nsungwi, mulowetse chikhungwacho kukamwa kwake kutayang'ana pansi. Ngati nsungwi ndi yowonda kwambiri moti ingang'aluke, ingomangirirani bolopeniyo pambali mopingasa ndi mphira, koma ilimbe.

Nsungwi yaikulu ija muidule pamwamba pang'ono pa mfundo, mutseke ndi kachidutswa ka mtengo, ndipo mukhomerepo sipoko itaimirira njo, kumtunda kutatsala masentimita ngati 15. Nolani nsonga ya sipoko pa mwala kuti isalale. Mukatero vekani bolopeni ija pa sipoko ngati chipewa. Muvi wonse ukhala ukulendewera pa kansonga kamodzi kokha, ndiye sukhula paliponse. Uzirani ndi pakamwa. Ukatembenuka ndi mpweya wa mwana wa Sitandade 3, mwakhoza. Ukakana, onani ngati sipoko yapindika kapena ngati muvi ukukhudza nsungwi.

Kumpoto ndi kuti?

Apa ndi pamene ntchito yambiri imawonongekera. Anthu amangoti kumene kwatulukira dzuwa ndiko kum'mawa, basi. Koma dzuwa silitulukira malo amodzi chaka chonse. Mu Juni limatulukira chakumpoto, mu Disembala chakumwera. Limatulukira kum'mawa kwenikweni cha pa 21 Malichi ndi cha pa 23 Seputembala pokha. Kuwonjezera apo, ena a ife phiri limatitchinga, dzuwa timaliona litakwera kale.

Njira yodalirika ndi ya chithunzithunzi. Zikani kamtengo kowongoka ka mita imodzi pamalo osalala. Cha m'ma 9 koloko m'mawa ikani kamwala pamene pathera chithunzithunzi chake. Tengani chingwe, mumange patsinde pa kamtengo, mujambule bwalo pansi lodutsa pa kamwala kaja. Chithunzithunzi chidzafupika mpaka masana, kenako chidzayambanso kutalika. Chikadzakhudzanso bwalo lija chakumadzulo, ikani kamwala kachiwiri. Mzere wolumikiza timiyala tiwiriti ndi wa kumadzulo ndi kum'mawa. Kamwala ka m'mawa kali kumadzulo, ka masana kali kum'mawa. Imani dzanja lamanja litaloza kum'mawa, ndiye kuti nkhope yanu yayang'ana kumpoto, msana kumwera. Amene muli ndi kampasi pa foni mutha kutsimikiza nayo, koma muime patali ndi malata ndi njinga chifukwa chitsulo chimaisokoneza.

Mukapeza mbali zinayizi, yalani miyala inayi ikuluikulu kuzungulira nsungwi, muipake laimu, mulembepo. Onani kuti mpoto ndi mwera onse amayamba ndi M, choncho lembani MP, MW, V ndi Z. Pansi pake muwonjezere N, S, E ndi W, poti ndi zimene ana akumane nazo pa mayeso. Pakati pa miyala ikuluikuluyo ikani ina inayi ing'onoing'ono ya kumpoto chakum'mawa, kumwera chakum'mawa, kumwera chakumadzulo ndi kumpoto chakumadzulo. Miyala ndi yabwino kuposa timitengo tomangirira pa nsungwi, chifukwa ngakhale nsungwi itagwa kapena kudyedwa ndi chiswe, mbali zanu zimakhala zili pomwepo.

Malo oimikapo

Akatswiri a zanyengo amayeza mphepo pa mamita 10 kuchokera pansi, pamalo a mtetete, kutali ndi nyumba ndi mitengo. Ife mamita 10 sitingafike, koma mtetete tingaupeze. Musaimike kalozera kuseri kwa kalasi kapena pansi pa mtengo wa mango, chifukwa mphepo ikagunda khoma imapota, ndipo muvi udzakunamizani. Kumapeto kwa bwalo la mpira ndi malo abwino, bola mupemphe chilolezo kwa aphunzitsi aakulu kapena kwa a mfumu. Nsungwi iime chilili. Mangani kamwala ku chingwe, mukalendeweretse pambali pake kuti muone ngati yapendekeka. Kutsinde pakani oyilo wakale chifukwa cha chiswe. Ndipo ana auzidwe momveka kuti kukamachita ziphaliwali, palibe wopita kukawerenga kalozera. Tsiku limenelo m'kope mulembe kuti kunali mabingu, zikwanira.

Kope ndiye mwini nkhani

Kupanga muvi ndi ntchito ya tsiku limodzi. Phindu lili m'kope. Gulu lililonse likhale ndi kope lake, lojambulidwa mizere: tsiku, nthawi, kochokera mphepo, mphamvu yake, mmene phiri likuonekera, ndi ngati kwagwa mvula. Muziwerenga katatu, 7 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 5 koloko madzulo. Muvi sukhala phee, umagwedezeka uku ndi uku. Mwana aime awerenge mpaka 60, alembe mbali imene muvi wakhalitsa. Mphamvu ya mphepo tiziyeza ndi maso: 0 ngati utsi ukukwera mowongoka, 1 ngati masamba okha akugwedezeka, 2 ngati nthambi zikugwedezeka ndipo fumbi likuuluka, 3 ngati mtengo wonse ukuweyuka. Tsiku la bata lilembedwenso, chifukwa muvi umangotsala pamene unalekera dzulo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Sabata yoyamba kope lidzaoneka lopanda nkhani. Koma pakatha miyezi, ana adzayamba kuona zinthu. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti adzaona mphepo yambiri ikuchokera kumwera ndi kumwera chakum'mawa. Imeneyi ndi imene imabweretsa chiperoni, kamvula kowaza kozizira kaja. Dzina limeneli linachokera ku phiri la Chiperone m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique, kumwera kwathuku. Mphepo yachinyezi imeneyi ikagunda phiri la Mulanje imakwera, imazizira, n'kukhuthula madzi ake mbali ya kumwera. Ikamatsikira kuno imakhala itauma. N'chifukwa chake tiyi ali mbali inayo, pamene chigwa cha Phalombe chimalandira mvula yocheperako. Mwana akadziwa zimenezi kuchokera m'kope lake, jogalafe sakuloweza ayi, akuiona.

Dzinja likamayandikira adzaona muvi ukuyamba kusinthasintha, masiku ena ukuloza kumpoto kapena kumpoto chakumadzulo. Kumeneko ndi kumene kumachokera mphepo ya ku Congo imene a zanyengo amaitchula kawirikawiri nthawi ya mvula. Palinso china cha ife okhala m'mphepete mwa phiri. Masiku a bata, masana phiri likatenthedwa ndi dzuwa, mpweya umakwera chakuphiri. Usiku phiri limazizira msanga, mpweya wozizira n'kumatsetserekera kuchigwa. Ndiye musadabwe kalozera wa mudzi uno akasiyana ndi wa mudzi wa kuseri kwa phiri pa ola lomwelo, kapena akasiyana ndi zimene wailesi yanena. Palibe walakwitsa. Wailesi ikunena za mphepo ya chigawo chonse, pamene kalozera akunena za pabwalo panu. Mphepo imapanikizikanso ikamadutsa pa mpata wa Fort Lister, pakati pa Michesi ndi Mulanje. Tikakhala ndi akalozera anayi kapena asanu kuzungulira phiri, n'kumayerekeza makope mwezi uliwonse, tidzadziwa za dera lathu zinthu zimene sizinalembedwe m'buku la kusukulu.

Kwa a ku sekondale, nachi china choti mukasinkhesinkhe. Kuno kumwera kwa dziko lapansi, mphepo ya namondwe imazungulira motsata mivi ya wotchi. Choncho ukaima mphepo ikukuwomba kumsana, pakati pa namondwe pamakhala cha kudzanja lako lamanja. Namondwe akakhala kum'mawa kwathu, ku Mozambique, ife timayembekezera mphepo yochokera chakumwera. Kajambuleni pansi ndi kamtengo, muona kuti zikugwirizana.

Chimene kalozera sangachite

Apa ndiye ndikupempha kuti mumvetsere bwino, makamaka inu amene mukatsogolere ana. Kalozera salosera namondwe. Sanena kuti phiri ligumuka liti. Chimene chinapha anthu ambiri mu 1991 ndi mu 2023 ndi madzi, matope ndi miyala, osati mphepo. Mvula yoopsa ikhoza kumagwa pamwamba pa phiri, kuno kumunsi muvi uli phee. Tisadzamve munthu akuti, ine sindisamuka chifukwa kalozera wathu sakuonetsa kanthu. A zanyengo ali ndi zithunzi za setilaiti, amaona namondwe akadali pakati pa nyanja. Iwo akachenjeza, a DoDMA akalengeza, komiti ya m'mudzi yoona za ngozi ikaliza wezulo kapena a mfumu akamema kuti tisamukire kumtunda kotetezeka, timanyamuka nthawi yomweyo. Kope likhoza kutsala. Ntchito ya kalozera ndi kulera ana amene amayang'ana kumwamba, amamva chinenero cha a zanyengo, ndipo sanyozera chenjezo.

Chinanso, mukamapita kwa ana musakapite ngati odziwa zonse. Agogo athu akhala akuwerenga mphepo ndi mitambo ya pa Michesi kuyambira kale, opanda muvi uliwonse. Gulu lililonse liitane agogo mmodzi, afotokoze zizindikiro zimene amaonera kuti mvula yayandikira, m'Chichewa kapena m'Chilomwe, mmene angamasukire. Ana alembe zimenezo kumapeto kwa kope, ndipo chaka chikamatha tidzaone pamodzi kuti ndi ziti zagwirizana ndi zimene muvi unaonetsa. Atsikana asakhale ongotunga madzi osakanizira laimu ayi. Agwire nawo muvi, ndipo m'gulu lililonse wosunga kope mmodzi akhale mtsikana.

Tigawane ntchito

A wapampando, pempho langa ndi ili. Tigawike m'magulu anayi malinga ndi midzi imene timachokera. Gulu lililonse litenge ana osapitirira khumi, a Sitandade 4 mpaka 7, makolo awo atavomera. Sabata ino tisonkhanitse zipangizo. Loweruka likubwerali tidzapange kalozera mmodzi tonse pamodzi pompano, kuti aliyense adzayese ndi manja ake asanakaphunzitse ana. Bwerani m'mawa, chifukwa za chithunzithunzi zija zimafuna 9 koloko itipeze tazika kale kamtengo. Sabata yotsatira, gulu lililonse likaimike wake. Pa msonkhano wa mwezi uliwonse makope azibwera, ndipo mlembi azijambula tsamba limodzi n'kuika pa tsamba lathu la Facebook. Makope akayenda bwino miyezi itatu, tidzawonjezere choyezera mvula cha botolo, chifukwa kwa ife a pansi pa phiri chimenecho n'chofunika kwambiri.

Makolo, mwana akakupemphani chigubu chobooka kapena bolopeni yakutha, musamukalipire kuti akutolera zinyalala. Ndipo akabwera kunyumba madzulo, mufunseni kuti mphepo yachokera kuti lero. Funso limenelo lokha lidzamupangitsa kuti mawa akayang'anenso.

Agogo a mfumu, tikupempha malo oimikapo nsungwi zathu, komanso mawu anu kwa anyamata oweta mbuzi kuti muvi si chandamale cha legeni.